Gitala ya pa Kaunjika

Lamulungu, 6 Okutobala

Masiye wapita ku Joni. Ananyamuka dzulo m'mamawa osatsanzika aliyense, gitala yake kumsana, ndiye bandi ya a Macdonald inayimba yopanda lidi, gitala yotsogolera nyimbo. Ine ndinali pomwepo monga Loweruka lililonse, epuloni m'chiuno, mbale za chambo m'manja. Zaka zonsezi ndakhala ndikuperekera zakudya pa loji ino uku ndikumva Masiye akupha nyimbo za eni ake. Ayende bwino. Akaphe za kumeneko.

Atamaliza ndinawatsata a Macdonald kuseri kwa bala akukulunga mawaya. Ndinawauza kuti malo a Masiye ndikuwafuna. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe Tione? Si za kwayatu izi." Ndinati ndikudziwa, ku kwaya sitiphonya kiyi. Anaseka kaphwete kawo kaja ka m'mphuno. Akuti Gift, wa kabaza wa njinga yamoto uja, nayenso akufuna. Loweruka la pa 19 masana, alendo asanadzaze, atimva tonse awiri n'kutenga mmodzi. Aliyense abwere ndi gitala yake, bandi ilibe.

Gift! Munthu woti gitala anayionera pa foni. Ndikagonja kwa ameneyo ndiye kuti ndizidutsa ndi mbale pamaso pake mpaka imvi.

Vuto ndi limodzi. Yanga ndi ya bokosi, siilowa ku ampu, makina okweza mawu aja.

Lolemba, 7 Okutobala

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukabwereka ya kutchalitchi. Gitala imene ndimayimba ndine ndekha, imene ndinawotcherera mawaya ake ndekha makoswe atadya. Anapinda manja pamimba n'kutsinzina ngati akupemphera. "Mwana wanga, chiwiya cha m'nyumba ya Mulungu sichingalowe pamalo a mowa."

Eya. Koma iwo amalowa. Mwezi ukatha amakhala patebulo la kuseri kwa mtengo wa mango, botolo lili m'jumbo yakuda. Amene ndimawaperekera ndine. Ndinathokoza mwaulemu n'kutuluka.

Palibe kanthu. Pansi pa bedi ndili ndi chitini cha mkaka, ndipo m'chitinimo muli chuma chimene ma Salima onsewa sangachizindikire. Chaka chathachi mzungu wina anasiya gitala pa loji itagwa padenga la galimoto, thupi litang'ambika, khosi lili pawiri. Ankafuna kukasonkhera moto wa nyama. Ine ndinachotsamo makiyi okungira nsambo ndi mapikapu, timaginito tija timatola mawu a nsambo kupita nawo ku ampu. Mtima wa gitala ndi umenewo. Chikusowa ndi thupi ndi khosi lowongoka basi.

Choncho sindikufuna gitala yabwino. Ndikufuna yotchipa, kaya yonyansa chotani, bola khosi. Zinazo ndiikamo ndekha.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ku boma, tsiku langa lopuma. Dzuwa la kuno silichita nthabwala.

Sitolo ya a George, pafupi ndi depoti. Mawailesi, mafani, matochi, ndi magitala atatu ataapachika m'mwamba ngati nyama ya m'butchala. Ananditsitsira yofiira, yonyezimira moti ndinadziona nkhope. Kumutu kwake dzina lalikulu lija la ku America, m'zilembo za golide. "Orijino iyi, achemwali. Ogwira amayenera kusamba m'manja." Ndinakanda dzinalo pang'ono ndi chikhadabo, ngodya inatukuka. Sitika. A George anayamba kuyang'ana kumsewu.

Tizitsulo ta pakhosi takuthwa m'mbali ngati lumo. Makiyi akugwedera ngati mano a nkhalamba. Ukagogoda thupi limalira ngati chitseko cha chimbudzi. Chikomekome cha mkuyu. Mtengo wake wonse ndi wa penti.

Ndili pomwepo, phuu, njinga yamoto pakhomo. Gift, magalasi akuda m'sitolo muli mdima kale. "Sisi Tione, mwabwera kudzagulira ndani?" Anaona yofiirayo pakauntala, maso anatuluka ngakhale m'magalasimo. Sanakhudze nsambo ngakhale imodzi. Anayikoleka pakhosi, anapatsa a George foni kuti amujambule, mwendo umodzi pampando. Atatero anagula.

Ndinaseka m'minibasi njira yonse mpaka mayi wina anasuntha mwana wake.

Lachinayi, 10 Okutobala

Achemwali anga a Dailes, amene ndimakhala nawo, andimva ndikudandaula za khosi, khosi. Akuti, "Bwanji osangokwatiwa ndi woyimba gitala, uziyimba yakeyo?" Munthu amene nyimbo yake ndi mtengo wa usipa, ungamuuze chiyani?

Loweruka, 12 Okutobala

Dzulo ndinasinthana shifiti ndi Janet, mnzanga woperekera naye zakudya, ulendo wa ku Khombedza. Kuli m'busa wina wa tchalitchi cha tenti amene ndinamva kuti akugulitsa gitala. Minibasi inaima paliponse pamene pali munthu, ngakhale woti akungokodza.

Abusawo suti yoyera, nsapato zosongoka. Anatulutsa gitala m'nsalu ngati mgonero. Ndinayika mutu wake padiso n'kuyang'ana m'litali mwa khosi, momwe kalipentala amayang'anira thabwa. Uta weniweni. Ukanangoikapo muvi n'kukapha nawo gwape. Ndinawauza. Akuti, "Mayi, gitala iyi ndi yodzozedwa. Yachiritsa anthu ambiri pamisonkhano." Mumtima ndinati ikanayamba yadzichiritsa yokha khosi. Pakamwa ndinati ndiganizabe. Anandipempha kuti ndisiyeko ya chopereka chifukwa chowatayitsa nthawi.

Pobwerera ndinatsikira pamsika wa ku boma kuti ndimwe madzi. Ndipo ndi pamene ndinayiona. Pabenchi ya Zuleka, mayi wa kaunjika wa ziwiya uja, pakati pa zidole zopanda mitu ndi mapoto opanda zivundikiro. Yobiriwira ngati madzi a m'chithaphwi. Zithunzi za tiagalu zomatamata ponseponse, zikuoneka kuti inali ya mwana wa mzungu wina wopusa. Nsambo zitatu zokha, zadzimbiri. Fungo la mphemvu ndi mkodzo wa makoswe.

Ndinayika padiso. Mayo ine. Khosi lowongoka ngati njanji. Ndinagogoda thupi, linayankha mawu a mtengo weniweni, olemera. Khosi ndi lomanga ndi masikuluwu, osati lomata, ndiye kuti ndikhoza kulimasula ndikafuna. Mtima unagunda, koma nkhope ndinayikwinya.

"Chinyalala ichi mumagulitsanso?"

"Wallahi, achemwali, chakhala pano chiyambire Ramazani. Ana amangochigogoda. Chinabwera m'belo limodzi ndi mapotowa."

Ndinachinyoza mokwanira, ntchito imene siindivuta. Zuleka anachita kundithokoza pochitenga. M'minibasi kondakitala anati gitala ilipire mpando wake. Ndinamufunsa ngati fungo lake la m'khwapa nalo limalipira. Anthu anaseka, inakwera ulere.

Usiku wa lero bandi yayimbanso yopanda lidi. A Macdonald amadzaza mipata ndi kukuwa "Salima mulipo?" Salima analipo, amadya.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndayitsegula nditabwera kutchalitchi. Mphemvu zakufa zodzaza dzanja. Mawaya a m'kati owonda ngati tsitsi, owotcherera ndi munthu amene anali pa changu chopita kumaliro. Ndazula zonse, ndataya kudzala. Mapikapu ake anali timapulasitiki ta masewera.

Ndayesa a m'chitini aja. Akutsala pang'ono kulowa, pafunika kusema pang'ono ndi tchizulo. Makiyi alowa ngati anabadwira pomwepo.

Sindibisa, ndasangalala. Ndakhala pansi pakhonde ndi chigoba chobiriwiracho pamiyendo, kumangochisisita ngati wamisala.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndakhala ndikuyipala ndi sandipepa kuyambira nditaweruka. Penti yobiriwira ikuchoka movuta, koma pansi pake pali mtengo woyera wa mizere yokongola. Anthu amene anaphimba mtengo wotere ndi penti imeneija ayenera kukayankha kumwamba.

Khosi nalo ndapala vanishi yense. Vanishi wotchipa ndi thukuta la kuno zimamata, dzanja silitsetsereka. Ndidzapaka mafuta pang'ono basi. Tsopano gitala yonse ili mbulanda, mtengo wokhawokha, yatuwa ndi fumbi.

A Dailes amaonerera ataima ndi beseni lawo. "Wagula chinthu n'kuyamba kuchiwononga?" Ndinati sangamvetse. Anafwenkha mphuno, akuti chikununkha m'nyumba monse. Pamenepo sananame. Ndinati ndikudziwa, fungo la makoswe lalowerera m'mtengo, likundinyansa inenso, koma ndilibe nthawi, mawa ndi tchuthi ndipo pa loji padzadza.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Lilongwe yense wabwera kudzasambitsa amayi ake m'nyanja. Miyendo yatupa.

G., Gift uja, anabwera masana kudzayeserera pa ampu ya bandi. Ndinamva ndili kukhitchini. Yofiira ija imalira mng'ung'u ngati njuchi zili m'chitini, ndipo nyimbo isanathe nsambo zamasuka kale. Ndinauza Janet kuti ndi zimene umapeza ukagula ndi maso.

Zala zake si zoipa kwenikweni. Ndalemba kamodzi, sindibwerezanso.

Lachitatu, 16 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Lero ndimabweza shifiti ya Janet ija, ndaweruka masana, ndafika pakhomo, gitala palibe pamene ndinayisiya. Ndafunafuna. Ndatuluka kuseri. Ili pathandala, pakati pa usipa, atayigoneka bwinobwino palata lakale, dzuwa la Okutobala likuyimenya chiyambire m'mawa. Ndayigwira, yandiotcha.

A Dailes atulukira akumwetulira, manja akupukuta pachitenje. "Ndakuchapira. Unati chikununkha." Anapita nayo kunyanja m'mawa pamodzi ndi mapoto. Anayiviika kaye m'madzi, mwala pamwamba kuti isayandame, mpaka atamaliza kutsuka zina zonse. Kenako mchenga ndi sopo, monga amachitira ndi mtondo. Kenako padzuwa. "Chonyowa amayanika, nanga ukanafuna chichite nguwi? Nunkhiza, fungo latheratu."

Fungo latheradi. Ndayika mutu wake padiso. Khosi lija lapindika kuposa la abusa a ku Khombedza.

Ndawalankhula. Ndawauza kuti m'mutu mwawo muli usipa wokhawokha, kuti chilichonse akachiona amangoganiza zoyanika, kuti tsiku lina adzandiyanika ine ndili mtulo. Ndanena zinanso zoti sindilemba. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anangoti, "Ndimati ndikuthandize, Tione." Anatenga lichero n'kuyamba kutembenuza usipa wawo, msana kwa ine.

Ndalira m'chipinda ngati mwana. Loweruka ndi mkuja.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinalakwitsa dzulo, Loweruka ndi mkuja lero. Mutu sukugwira.

M'kati mwa khosi mumakhala chitsulo chachitali, ukachipotokola chimawongola khosi likapindika pang'ono. Ndapotokola mosamala, pang'ono, kudikira, pang'ono. Kenako thwa. Tsopano chikungozungulira chabe. Ndi pamene kutchipa kwake kunabisala. Ine katswiri woyang'ana makosi, chitsulocho sindinachiyese kwa Zuleka. Ngakhale ndikanayesa, ndani amagula gitala akuganiza kuti ikasambira?

Ndamangabe zonse, kuuma mutu. Ndasema, ndaika mapikapu, ndawotcherera mawaya, nsambo zatsopano. Ndalumikiza ku kawailesi ka batire kamene ndinakasandutsa ampu. Mawu ake, Mulungu wanga. Oyera, onenepa, opanda mng'ung'u ngakhale pang'ono. Yofiira ya G. ingachite manyazi kukhala nayo chipinda chimodzi. Koma pakati pa khosi nsambo zatalikira moti chala chimalowa pansi pake. Ukakanikiza, mawu amakwera n'kuphonya. Ndalimbana nayo mpaka nsonga za zala zachita matuza.

Ndili ndi gitala ya mawu okoma kuposa onse m'Salima muno, yosayimbika.

Kuntchito a Macdonald anandidutsa pakhomo la khitchini. "Loweruka tikukudikiratu, mayi wa kwaya." Ndinati adikire.

Kunyumba sitikulankhulana. Ndiwo andisiyira pambale yovundikira, ine ndadya ngati wakuba.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinanamizira mutu, sindinapite kuntchito. Ndimati ndimasule mapikapu anga ndibweze m'chitini, chigobacho a Dailes akasonkhere moto wowambira nsomba. Ndinayigoneka pamiyendo, kawailesi kali koyatsa. Patebulo panali kabotolo kopanda kanthu ka mankhwala a chifuwa. Ndinakatenga kuti ndiikemo timasikuluwu, ndipo pokadutsitsa kanakhudza nsambo n'kutsetsereka.

Inalira. Osati kulira kwa gitala, kulira kwa munthu, kokoka, kokwera n'kutsika ngati mayi wolowa pamudzi pa maliro. Tsitsi linandiimirira.

Ndikuidziwa nyimbo yotere. Hauyani. Kayimbidwe ka makolo kaja kogoneka gitala pamiyendo n'kumakwekweza botolo pansambo, kamene amaika pa wailesi Lamulungu masana ndipo ine ndimathimitsa. Nyimbo za anthu akufa. Botolo silifuna kuti nsambo ifike pakhosi. Likufuna nsambo zotalikira, zimene ndili nazo zochuluka.

Ndinamasula nsambo zina, kukunga zina, mpaka kuti ukakhwacha zonse osagwira paliponse zimagwirizana zokha. Poyamba zinali ngati mphaka wapondedwa mchira. Kenako dzanja linayamba kupeza malo. Nyimbo za bandi zija ndimazidziwa ngati Atate Wathu, ndazimva zikuphedwa kokwanira. Ndayimba kuyambira m'mawa mpaka batire yatha.

Nthawi ina ndinadzutsa mutu, a Dailes ali pakhomo, beseni pamutu, angoima. Sindikudziwa anaimapo nthawi yaitali bwanji. Maso athu atakumana anapitirira.

Sindikudziwa ngati ndi nzeru kapena misala. Ndinkafuna kuima pansanja, gitala m'chiuno, zala zikuthamanga mpaka a Macdonald atameza kaphwete kawo. Mawa ndikakhala pampando ndi botolo la mankhwala a chifuwa.

Loweruka, 19 Okutobala

Masana, dzuwa lili pamutu, matebulo opanda anthu kupatula azungu awiri ofiira ngati nkhanu ndi Janet amene ananamizira kupukuta magalasi. A Macdonald pa gitala ya besi, wa ng'oma ali m'malo mwake.

Anayamba G. Shati lamaluwa, magalasi, yofiira ikunyezimira. Mng'ung'u uja unalipo, ndipo pakati anaima kukunga nsambo. Koma anayimba. Sanaphonye, sanathamange, analowa pamene a Macdonald amafuna n'kutuluka pamene amafuna. Ndinafunafuna chonyoza, ndinangopeza shatilo.

Ine nditatulutsa yanga m'chitenje, wa ng'oma anaseka mpaka ndodo inagwa. Mtengo wambulanda, khosi ngati chikwakwa. G. anavula magalasi kuti aone bwino. "Sisi, ngalawa imeneyi mukapalasira kuti?" Ndinapempha mpando. Ndinayigoneka pamiyendo, ndinatulutsa kabotolo. A Macdonald anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, ine sindinawadikire.

Kuseka kunatha msanga. Wa ng'oma anatola ndodo yake n'kulowa pang'onopang'ono. Besi inabwera pambuyo, mofufuza. Pa ampu yaikulu mapikapu aja anatulutsa zonse zimene ndinkadziwa kuti ali nazo. Ophika anatuluka m'khitchini ndi mipeni m'manja. Azungu aja anaimirira, mafoni m'mwamba, mmodzi anafika pafupi mpaka kugwada kuti ajambule botolo. Nditamaliza, mzungu wamkazi anali akupukuta m'maso. Ine ndinadziwa kuti ndapambana.

A Macdonald sanayang'ane ine. Amayang'ana azunguwo. Kenako anandikokera pambali, kuseri kwa sipika.

"Lidi ndi Gift. Bandi imafuna munthu woima, wothamanga nyimbo zonse. Yakoyo singathe." Ndinati ndayimba bwino kumuposa. Anati sakukana. "Koma tamvera. Waona azungu aja? Izi ndi zimene amabwerera kuno. Uzitsegulira iweyo, nyimbo zitatu, dzuwa lisanalowe. Mbale uzisiye, ndikalankhula ndi abwana. Koma osati pampando. Tikuyalira mphasa kutsogolo. Uvale chitenje ndi duku, nsapato uvule. Waya tiubisa pansi pa mphasa. Ine ndizilengeza kuti gitala anasema agogo ako ndi nkhwangwa kumudzi, ndipo Chingerezi sudziwa."

Ine amene ndinawotcherera waya uliwonse m'menemo ndi manja angawa. Ine amene ndimamasulira a Macdonald omwewo mzungu akawafunsa funso lopitirira mawu atatu. Ndinamva kutentha kumaso, malovu anawawa. Mawu oti ndiwalavulire anali okonzeka, ambiri, abwino kwambiri.

Nthawi yomweyo belu la kukhitchini linalira, Janet anakuwa kuti tebulo la kumchenga likudikira chambo. G. anali pansanja akupukuta yofiira yake ndi mpango.

Ndinawafunsa a Macdonald kuti dukulo likhale la mtundu wanji.